Mwala wa Alamu ndi Thadzi la Tusayiwe

Mpaka lero m'nyumba mwathu ku Lufita simulowa adyo. Akazi anga amauza alendo kuti amandiyambitsa chilungulira. Ndimangogwedeza mutu, poti zoona zake n'zochititsa manyazi kuposa chilungulira.

Ine kwathu ndi ku Mulanje. Ndinabwera ku Chitipa kudzagulitsa zitenje pamsika, n'kukwatira mkazi wa ku Kaseye. Tili ndi mwana mmodzi, Tusayiwe. Ulendo wina tili kwa agogo ake, apongozi anam'patsa kamsoti kamawanga kuti mdzukulu asabwerere chimanjamanja. Mwana anakatcha NyaMawanga, n'kukula nako. Nthawi yomwe ndikunenayi linali thadzi lathunthu, likufungatira mazira m'dengu pakona ya khitchini, ndipo m'mawa uliwonse Tusa ankayamba wakalipatsa moni asanatipatse ife makolo ake.

Mwalawo unabwera ndi alamu anga oyendetsa thiraki mpaka ku Namibia. Munthu wina wa kumgodi anawapatsa, iwo n'kundisiyira kuti uzikongoletsa pakabati. Unali ngati dzira la nkhunda, wakuda motuwira, wonyezimira, koma kulemera kwake ngati wameza chitsulo. Nditaukanda ndi msomali unakandika. Nditaukhula kunsi kwa mbale yadothi unasiya mzera woderako. Mumtima ndinati, ameneyu ndi siliva basi. (Sukulu ndinalekeza fomu thu, koma pa zinthu zonyezimira ndimasanduka pulofesa.)

Fundi wina wowotcherera zitsulo pamsika ndiye anandithira mafuta. "Bwana, chuma chimaopa moto. Mukauotcha, mwala umatsala, siliva amatsika yekha."

Loweruka masana, mayi ndi mwana atapita ku kwaya, ndinakoleza mbaula m'khitchini. Mwala ndinaumenya ndi hamala, unangoti phwa ngati chigumu chouma. Theka ndinaliika m'kachitini pamakala. Ndinatseka chitseko, pawindo n'kutchinga thumba, kuopa maso a aneba. Za NyaMawanga sindinaganizeko ngakhale pang'ono. Linali phee m'dengu mwake, likundiyang'ana ndi diso limodzi.

Mwala unayamba kuthetheka, kenako utsi woyera tolo. Kunabwera fungo la adyo losakanikirana ndi la machesi. Ine m'kupusa kwanga ndinati siliva akupsa ameneyu, n'kumakupizabe moto ndi chivundikiro. Maso anayamba kulasa, kukhosi kuyabwa, mutu waukulu. Ndinatuluka chokwawa kukasanza kuseri kwa bafa. Ndiye muone nzeru zanga: potuluka, ndili dzandidzandi choncho, ndinakumbukirabe kutseka chitseko kuti aneba asaone utsi.

Pobwera ku kwaya, mayi ndi mwana anandipeza ndili kwala pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Bambo a Tusa, mwadya chiyani?" anafunsa akazi anga.

Ndisanayankhe, mwana anali atatsegula kale khitchini. Amayi ake anam'thamangira kukam'koka, koma mwanayo anatuluka yekha atanyamula thadzi, khosi lili lende. Sanalire mokweza ayi. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Adada, NyaMawanga sakundiyankha."

Ndakhala ndikutukwanidwa m'moyo uno, koma palibe mawu amene anandipweteka ngati amenewo.

Kuchipatala anandigoneka. Kumeneko kunabwera kudzandizonda Mayi Msukwa, kasitomala wanga, mphunzitsi wa sayansi amene anaphunzirako za miyala. Tinaimbira alamu, iwo n'kukumbukira dzina lomwe wa kumgodi uja anatchula: seligimanaiti.

"Ngati ndi umenewo, ndi mwala wosowa kwambiri," anatero Mayi Msukwa. "Muli mtovu, n'chifukwa chake umalemera. Muli mkuwa, sulufule ndi aseniki. Akatswiri amauika m'gulu la masalufosoti, miyala yomwe zitsulo zimagwirana ndi sulufule pamodzi ndi aseniki kapena abale ake. Fungo la adyo lija ndi asenikiyo. Ndi poizoni, bambo. Mukanachedwa kutuluka bwenzi tikuimba nyimbo zina."

"Nanga siliva?" (Inde, ndinafunsa. Ndili ndi diripi pamkono.)

Mayi Msukwa anapukusa mutu. "Mulibe. Ntchito yake inali yomwe alamu anu ananena, kukhala pakabati."

Thadzi sitinadye, tinalikwirira pamodzi ndi mazira, phulusa ndi mbaula yomwe. Ufa umene unali m'khitchini tinataya. Akazi anga anakwecha makoma osandilankhula, ndipo kusalankhula kwa mkazi wa ku Kaseye kumamveka mpaka kumsika.

Chovuta chinali kukanena kwa apongozi. Ndinakwera kabaza, nditafika ndinakhala pansi, ndinafotokoza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, anati "yewo" motsitsa, n'kukagwira kamsoti kena. Sanandipatse ine. Anadikira mpaka tsiku lomwe mdzukulu anapita ndi amayi ake, n'kum'patsa yekha m'manja.

Kamsotiko kalipo, kanakula, kakuikira. Koma Tusa sanakatche dzina, ndipo sakapatsa moni. Theka la mwala lija ndinalitsekera m'botolo pamwamba pa kabati, ndipo sindinama, nthawi zina ndimalitsitsa n'kuliyang'ana, poti kunyezimira sikunasiye. Koma ndikangolunjika kukhitchini, ngakhale kukatunga madzi akumwa, ndimamva timapazi kumbuyo kwanga. Mwana amaima pakhomo, dzanja litagwira chitseko kuti chisatsekeke.

"Adada, mukufuna chiyani? Ndikutengereni ine."