Tiyi Wamibulu mu Mgolo wa Usipa

Iwe Zakeyu, tseka pakamwapo ntchentche zingaikiremo mazira, ndipo nonsenu amene mwazungulira ukondewu ngati mukusoka pomwe zala zanu zili pa foni, amene akuti Barnaba ndi wabodza aimirire pompano ndimuone nkhope, chifukwa ine ndinayamba kupalasa bwato nyanja ino isanaphunzire kuchita mafunde. Mukundionetsa tiyi wa timibulu takuda pansi pa tambula, mukumeza malovu, ati kodi madala munamvapo za ameneyu. Kumva? Ine ndinamuphika! Pano pa Chiwanga, kuseri kwa thandala langa loyanikira usipa, ndi manja awiri omwewa. Ndikanama ng'ona indigwire, iyambire kumutu.

Inali nyengo ya mwera pamene mwana wanga Filomena anatulukira kuchokera ku Maputo, magalasi akuda kumaso ngati dzuwa limene linamulera lasanduka mdani, nsapato zazitali zikumira mumchenga mpaka tinachita kumuzula ngati chinangwa. Sanabwere kudzacheza ayi. Anabwera kudzatenga amake, Egnesi, mkazi wanga amene ndinathawa naye nkhondo kupita ku Malawi n'kubwerera naye kudzamanga pa bwinja lomweli.

"Papa, amayi atopa," anatero Filomena. "Taonani maso awo ndi utsi, taonani msana. Sabudu, Loweruka likubwerali, chapa, minibasi ija, ikamanyamuka ku Metangula ndikupita nawo, akakhale kwa ine. Kuno kulibe nada, kulibe chilichonse."

Ndinayang'ana Egnesi kuti akane. Sanakane, anangozolika n'kumasankha usipa m'lichero. Sindibisa, ndinachita mantha kuposa tsiku limene mwera unandigubuduza pakati pa Kobwe ndi Likoma, chifukwa nyanja ikakumiza umadziwa kosambira, koma nyumba yopanda Egnesi sindinkadziwa kuti ndiilowera khomo liti. Tsono mantha a mwamuna amatulukira pakamwa. Ndinadziguguda pachifuwa n'kunena kuti atchule chinthu chimodzi chokha cha ku Maputo chimene Chiwanga sangapange. Mwanayo akanatha kutchula chipatala kapena madzi a m'mpopi, ine n'kugonja pomwepo, koma kudelera kunamupusitsa. Anaseka, natulutsa foni, nandionetsa tiyi yemweyu, ati amake anamwapo ulendo wina atapita kukaona adzukulu ndipo sanasiye kumukamba.

"Mukawaphikira tiyi ameneyu chapa ya Sabudu isananyamuke, papa, ndiwasiya."

"Ndamva ine," anatero Egnesi osadzutsa mutu.

Ndinaonera kanemayo pang'ono chabe. Kamtsikana ka zikhadabo zazitali ngati nkhwazi kakukanda ufa woyera, ndiye ndikufunsa kuti ufa wanji umenewu, Filomena akuti wa chinangwa. Chinangwa! Mukumva? Anthu a mu mzinda, ndi masukulu awo onse ndi magalimoto awo, akhala pansi n'kutulukira chinangwa, akuumba timibulu tonga ndowe za mbuzi, akuponya mu tiyi wa zipatso ndi mkaka, akuyamwa ndi kapaipi ngati makanda, kenaka akubwera kudzatiuza ife, ife amene mano athu anamerera pa kondowole, kuti kuno kulibe nada! Ndinamubwezera foni yake kanemayo asanafike pakati. Wondiphunzitsa ine chinangwa sanabadwe, ndipo amake sanatomeredwe.

Ndinapita kumunda tsiku lomwelo, Lachiwiri, n'kugwira phata limene ndinabzala chaka chobwerera kwathu, ndikukoka silikubwera, ndikukoka nthaka ikulira, kenaka ndikumva kuti kumapeto kwake kuli munthu akukokanso, kuyang'ana bwino n'kuona kuti muzuwo unadutsa pansi pa nyanja n'kukatulukira ku Likoma kumene mayi wina ankayesa kuti ndi wake, tinakokerana dzuwa lili pamutu mpaka chilumba chinasendera kuno mikono isanu ndi iwiri, ndiye chifukwa chake masiku ano mumaona malata a kumeneko akuwala, kale sankaoneka. Mayiyo atatopa anasiya, ine n'kugwa chagada, chinangwa chili pachifuwa, kutalika ngati bwato la anthu asanu ndi atatu. Ndinachisenda ndi nkhwangwa.

Filomena anabwera akuti chinangwa cha tiyi saviika, amachipala n'kufinya n'kutenga ufa wosalala wotsalira pansi pa madzi. Ndinamufunsa kuti foniyo inalimapo munda uti. Chinangwa chimaviikidwa, anatero agogo anga, anatero agogo awo. Ndinachiviika m'nyanja momwe timachitira ndi cha kondowole, ndipo popeza chimafuna masiku anayi pomwe ine ndinali ndi awiri okha, Lachitatu ndinalibwereza kawiri ndipo Lachinayi ndinaligwira mchira mpaka chinafewa. Fungo lake litakwera kumwamba akhwangwala anasamukira ku Tanzania. Ndinachiyanika pa mwera, chinauma ndisanamalize kusuta ndudu, n'kusinja ndekha, mwamuna ndi ndevu zake pa mtondo, akazi a m'mudzi muno ataima pa mpanda kukamwa yasa.

Kuumba mibuluyo ndiye musanene. Zala izi zaumba nyambo ya mbedza zaka makumi asanu, ndiye ndingalephere zoseweretsa za kamtsikana ka zikhadabo? Ndinapsereza shuga kuti ide, ndinakanda ufa ndi madzi owira osamva kutentha, n'kuyamba kuumba momwe ndimaumbira nyambo ya kampango, yolimba kuti isasungunuke m'madzi. Timibulu ta pa foni n'ta anthu a kukhosi kwa mpheta. Yanga inali ngati mandimu. Woyamba ndinauyesa pa mwala, unadumpha, unagunda madzi n'kunjanja pamwamba pa mafunde kulunjika kutsidya, unakamenya belu la tchalitchi ku Likoma, anthu anasiya makasu n'kuthamangira ku misa tsiku la Lachisanu, mbuluwo n'kubwerera njira yomweyo kudzagwera m'dzanja langa ukadali wofunda. Ukuseka chiyani, Zakeyu? Kafunse amalume ako a kumeneko ngati sanaimbe nyimbo ziwiri asanazindikire kuti wansembe ali kumunda.

Zipatso sindinafune za m'botolo. Ndinapita pa mlambe waukulu wa panjira ya ku Metangula, ndinaugwedeza ndi dzanja limodzi, malambe anagwa ngati matalala mpaka wapanjinga wina anakwiririka, anatulukamo mawa lake atanenepa. Mkaka wa mbuzi ndinauona wochepa, ndiye ndinatsikira kumathiriro a mtsinje kumene kunali mvuu yoyamwitsa, ndinaipatsa moni mwaulemu, n'kuikama ili chiimire, mwana wake akundigwirira ndowa. Chinatsala n'kuziziritsa, chifukwa ati tiyi ameneyu amamwa wozizira, nzeru za mu mzinda zimenezo, kuwiritsa chinthu kuti uchiziziritsenso. Ndinakwera phiri wapansi kupita ku Lichinga, kumene chisanu chake chimaumitsa malovu asanafike pansi, ndinatapa chisanucho m'thumba la ufa, ndinamanga pakamwa, n'kutsika nacho pamsana chapa zitatu ndikuzipitirira panjira, madalaivala akundipempha kuti ndiwakankheko. Mukumva? Ndinafika pakhomo nthochi imene ndinasiya nditasenda isanade.

Tsono pofuna kuphika, Sabudu m'mawa, ndinalowa m'khitchini n'kupeza mulibe poto ngakhale mmodzi. Egnesi anali atawatsuka onse, atawalongedza m'thumba n'kumanga, thumbalo lili pakhomo pambali pa chikwama cha Filomena. Ngakhale kapoto kopindika khutu kamene tinathawa nako nkhondo kanali momwemo.

Ndinagubuduza mgolo wanga wofutsira usipa, uja timawiritsiramo usipa tisanauyanike. Wina anganene kuti ndikanautsuka ndi sopo. Opusa inu, mgolo umenewo atate anga sanauthirepo sopo, ine sindinauthirepo, mwayi wa nsomba umakhala mu utoto wa m'mbalimo, ndiye ndiuchotse chifukwa cha tiyi? Ndinangotsukuluza ndi madzi a m'nyanja, ndinakoleza moto, n'kuponyamo mibulu, inamira, inayandama, ina ikudumpha kufuna kuthawa ine ndikuibweza ndi nkhafi, ndinathira masamba a tiyi, malambe, mkaka wa mvuu, n'kumasula thumba la chisanu, chinthucho chinagwirana mpaka nkhafi inaima yokha pakati osagwa. Kapaipi ndinadula bango lalikulu la kudambo loti mwana wa mphaka angadutsemo. Pamene ndinkathira m'matambula, amphaka onse a Chiwanga anali atakhala pabwalo mizeremizere ngati pa msonkhano, nkhwazi ziwiri zili padenga.

Filomena anayamba ndiye. Anayamwa, palibe chikubwera, anayamwanso masaya mpaka kugundana, mbulu unangoti phu kukamwa, maso ake n'kutuzuka, magalasi aja n'kugwera mu tambula. Analavula, mphaka wina n'kuwakha mbuluwo usanafike pansi.

"Papa! Uyu ndi msuzi wa usipa wothira shuga! Amayi musamwe, mufa!"

Egnesi anatenga tambula yake ndi manja awiri. Ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kuika bango pambali, nayamba kumwa. Anamwa osapumira. Kenaka anatola mbulu ndi zala n'kuyamba kutafuna, akutafuna, dzuwa likukwera, akutafuna, mthunzi wa mpapaya ukufupika, wanjinga amene anabwera kudzanyamula katundu akuliza belu panja, iye akutafunabe, misozi ili mbwembwembwe, ine ndili chiimire ngati ndikudikira chiweruzo. Atameza anapukuta pakamwa ndi nsalu, anadzuka, anapita pa thumba lija, anamasula, n'kuyamba kutulutsa mapoto mmodzimmodzi kubwezera m'khitchini. Filomena anakwera chapa yekha masana omwewo.

Ndiye inu ana a dzulo, mukamaona tiyi wa pa foniyo muzidziwa kuti ameneyo amangothetsa ludzu la anthu osagwira ntchito, koma wanga anagonjetsa Maputo yense ndi magetsi ake, anabweza mkazi amene phazi limodzi linali kale panjira. Ndani wa inu anaphikapo chinthu choti munthu n'kumasula katundu?

Ukuti chiyani, Zakeyu? Akazi ako anali pa mpanda? Akazi akowo makutu awo ndi aakulu kuposa nzeru zako. Chabwino, za chisanu, mwina thumbalo ndinalitenga kwa wogula chambo wa pagombe, jelu, ayezi uja wa m'bokosi lake la nsomba, nanga si kuzizira n'kumodzi. Mvuuyo mwina inali ndi nyanga ndi kandevu. Ndipo inde, Egnesi analankhula asanamasule thumba, sindinakane kuti sanalankhule. Anamugwira Filomena dzanja n'kunena kuti, "Pita mwana wanga, ukapereke moni kwa adzukulu. Munthu wophika chonchi ndikamusiya yekha, mudzabwera kudzaika maliro mwezi usanathe."

Nanga bwanji? Anatsala kapena sanatsale? Si uyo akutsika apoyo ndi lichero pamutu. Sokani ukondewo msanga, ndipo wina asayerekeze kutchula tiyi, chifukwa kuyambira tsiku limenelo anandiletsa kuyandikira moto, ngakhale kuwiritsa madzi osamba.