Sopo wa m'thumba la chimanga

"Kodi amake Tadala, ufa wa kwanuwu mumayamba mwauchapa?" Anandifunsa choncho Nachisale, mnzanga woyandikana naye nyumba, atanyamula poto wa phala lochita thovu. Ndinangokhala pansi.

Chinali chaka cha njala. Abungwe lina anatipatsa makuponi okatengera chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira pagolosale ina pa Nsaru. Pamsonkhano anati zakudya zokha basi, poti azibambo ena thandizo amalimwera. Amayife tinapempha kuti aikepo sopo.

"Kodi mwana akadya, zimathera m'mimba momwemo?" anafunsa mayi wina.

Anthu anaseka, koma akomiti yoyang'anira thandizolo anati aliyense wosinthitsa chakudya ndi zina afufutidwa dzina.

Nthawiyo Tadala wanga anali ndi zilonda m'matako chifukwa cha matewera ochapa ndi madzi okha. Ndiye ndinanong'oneza wagolosale kuti mafutawo atsale, andipatse sopo muwiri. Akomiti anali pakhonde, choncho sopoyo ndinamukwirira pansi penipeni pa chimanga (nzeru imeneyo ndinadzitama nayo njira yonse).

Nditatula thumba ndinapita kumjigo, komwe mzere wake unali wosatha. Bambo ake a Tadala, amene chikwatirane sanapondeko kuchigayo, tsiku limenelo chifundo chinawagwira. Anakweza thumba panjinga, kukagayitsa mgaiwa. Akuti chigayo chinagunda kawiri, wogayayo n'kunena kuti ndi zitsononkho. Pobwera anakumana ndi Nachisale, n'kumutapira ufa wa phala la ana.

"Bwanji simunandiuze?" anandifunsa bambowo.

"Inu munandiuza kuti lero mwasanduka munthu wothandiza?"

Ufawo ndinausefa, ndinauyanika masiku angapo. Phala lake linkawawabe, Tadala n'kumalavula. Nkhuku zinajompha kamodzi n'kuchoka. Ndinati basi ndichapire matewera, poti sopo alimo. Atauma anaima okha ngati zikopa.

Nachisale sanandinenere, koma ana ake anatsegula m'mimba, ndipo amuna ake ndi a m'komiti.

"Mayi, tinanena kuti zakudya zokha, eti?" anandifunsa amuna a Nachisalewo.

"Ndiye zasanduka zakudyatu, bambo," ndinawayankha. Sanaseke.

Mpaka lero sindikudziwa kuti cholakwa chinali kufuna sopo kapena pomubisa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti panapita thumba la chimanga, botolo la mafuta, sopo muwiri, matewera atatu, ndi dzina langa pa makuponi a miyezi yotsalayo. Zinatsala nyemba.