Ba Luckson ndi Dzina la Goseni

Ku Kafue kuno, ukangotchula mzinda wa ku Ejipito wa m'Baibulo, ba Luckson, osoka nsapato pamsika wa Nangongwe, ankaika singano pansi n'kuyamba kukuuza kumene dzinalo linachokera. Unkapita ndi nsapato yong'ambika, n'kubwerako ndi Farao m'mutu, nsapato ili kukamwa yasa.

Lamlungu lina abusa athu analalikira za njerwa za ku Pitomu. Ba Luckson anadzambatuka.

"Ba pastor, muziba Pitomu ni chani? Ni nyumba ya Atumu, fano! Na Pibeseti ni nyumba ya pusi wamene benze kupembeza!"

Anyamata olondera pakhomo la tchalitchi anawanyamula ngati thumba la makala, iwo akukuwabe za pusi.

Ife tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, koma munthuyo sankasewera. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali Goseni, dzina la dera la ku Ejipito limene anamutcha malemu mayi ake. Atakwatiwa ku Shimabala, mimba zake zinkangopita padera, ndipo mneneri wina anati vuto lili m'dzina. Apa m'pamene bambo ake anayamba kufukula mabuku. Ramese anapeza kuti ndi dzina la mfumu, Migidoli ndi nsanja. Koma pa Goseni mabuku onse ankangoti gwero lake silidziwika bwino.

"Sizizibika bwanji? Nanga ngati nayo ni fano? Mwana wanga azasila!"

Atamva kuti ku Kafue Estates kukuyenda Mwejipito wogulitsa mapoto, anamulondola chothamanga, nsapato ya mwini ili m'manja.

"Boss, kwanu uko Goseni itantauza chani?"

"Poto yabwino iyi, big man, siipseleza nshima."

Anagula potoyo kuti mlendo amasuke, n'kufunsanso. Madzulo anabwerera ndi mapoto, ketulo ndi kapeti paphewa, yankho ng'o.

Goseni atatenganso pathupi, bambo ake anamugwadira pakhomo, ife tikuona. Kholo kugwadira mwana!

"Chinja zina, mwana wanga. Nkala Naomi, olo Ireen, iliyonse chabe."

"Daddy, ba mummy bananisiyila zina iyi yeka. Nitaye nayo?"

Ine ndinayang'ana kumbali.

Kuyambira pamenepo ba Luckson anasiya kudya bwino, thalauza ankachita kumanga ndi ulusi wosokera nsapato. Aliyense wodutsa atavala taye ankamugwira mkono n'kumufunsa funso lomwelo. Anamwalira m'nyengo yozizira, mwana asanabadwe. Masiku ano pamsika nsapato zimasokedwa msangamsanga, ndipo munthu umabwerako mtima uli zii.

Goseni anabereka mwana wamkazi wojintcha, wolira ngati hutala ya minibasi. Mchombo unagwa kalekale, koma mpaka lero amangomuitana kuti Bebi. Ndinamufunsa mayi ake chifukwa chake.

"Mazina tili nayo yambili, ba uncle," anatero Goseni. "Manje nizafunsa ndani ngati yali bwino?"