Mtembo Ukupempha Kudzuka Amayi Asanakwere Basi

Kwa Bwana Mkulu wa Sukulu ya Ukachenjede,
Mlendo Wolemekezeka wa zionetsero zathu zonse,

Bwana,

Ndagwada pansi polemba kalatayi, ngakhale kunena zoona kugwada si ntchito yanga. Ntchito yanga ndi kugona chagada. Ndine wophunzira wa chaka chomaliza mu Nthambi ya Zisudzo ndi Magule. Dzina langa musavutike nalo, anzanga omwe analiiwala kalekale, onse amangonditchula kuti Mtembo. Ngati mukukumbukira chinthu chofunda nsalu yoyera pakati pa siteji, chimene munachiponda chala sabata yatha popita pa maikolofoni, ndiye kuti tikudziwana. Chalacho ndi chokhacho m'thupi langa chimene chinakhudzanapo ndi munthu wamkulu, ndipo chikupezako bwino tsopano.

Ndisakunamizeni kuti ndine katswiri woponderezedwa. Chaka choyamba anandiyesa kuvina. Aphunzitsi athu timawatchula kuti a Bwerezaninso, poti ndi mawu okhawo amene amatuluka m'kamwa mwawo, koma ataona miyendo yanga ikukangana yokhayokha anati, “Iwe usabwerezenso.” Anandipatsa gawo la wapolisi, ndinakagwira bambo wina amene anangobwera kudzaonera. Pomaliza anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “Tagona apo tione.” Ndinagona, iwo anaomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ndafa m'sewero lililonse la nthambi yathu. Ndafa ndi mpeni, ndafa ndi poizoni, ndafa ndi chikondi, ndipo kamodzi ndinafa wolemba sewero osafotokoza n'komwe chimene chinandipha. Ntchitoyi ndimaidziwa ndipo sindichita nayo manyazi kwambiri.

Nyengo ino, poona kuti ndatsala pang'ono kuchoka, a Bwerezaninso anandichitira chifundo. Sewero likamayamba ndimakhala nditafa kale monga mwa masiku onse, koma chakumapeto ndimadzuka, n'kuyang'ana mayi wa m'sewero amene wakhala akundilira, n'kunena kuti, “Amayi, ndadzuka.” Mawu awiri okha, Bwana, koma ndawayeserera kubafa, pamzere wa chakudya, ngakhale m'basi mpaka kondakitala kundifunsa ngati zikuyenda bwino m'mutumu. Amene anawamvapo m'holo mpaka lero ndi bambo wosesa, ndipo anayankha kuti, “Wachita bwino, tanyamula nsalu yakoyo ndisese.” Ndinanyamula, iwo n'kusesa.

Sindikudandaula ayi. Ndikungofuna kuthokoza, ndipo zothokozazo ndazisanja bwinobwino kuti mlembi wanu asavutike pozitaya.

Choyamba, zikomo chifukwa cha katani, yofiira ija yotchinga siteji, imene ofesi yanu inabwereka kuti ikayalidwe patebulo la akuluakulu tsiku lopereka madigiri. Ndinaiona pamawindo anu podutsa, ikuoneka kuti ikudya bwino ndipo yatiiwala. Kungoti popanda katani mtembo sungayende pamaso pa anthu kupita pamalo pake pofera. A Bwerezaninso amati kumeneko n'kunyoza luso. Choncho ndimagona pa siteji zitseko za holo zisanatsegulidwe, anthu amalowa n'kundipeza ndili gone, ndipo sindigwedezeka mpaka sewero litafika poti ndidzuke.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha lamulo lanu loti sewero lisayambe Mlendo Wolemekezeka asanakhale pampando. Pachikwangwani timalemba kuti tiyamba masana, inu mumafika dzuwa litapendeka. Nthawi yonseyo ovina amadumphadumpha kuseri kuti thupi litenthe, limazizira, amadumphanso, mpaka pomadzavina amakhala ngati abwera kokolola. Oimba ng'oma amawamba ng'oma zawo panja, zimalira bwino, n'kufookanso, mpaka makatoni osonkhera moto atha. Iwo bola, pakayabwa amakanda. Ine nyerere inalowa m'khutu langa, inayendera zipinda zonse, n'kutuluka yokhumudwa poti sinapezemo kanthu. Tsiku lina kudikira kutanyanya ndinagona tulo tenitenidi, ndipo mtembo unaliza mkonono anamfedwa ali pakati polira. Holo yonse inaseka. Pa zaka zanga zonse pasukulu pano, ndi tsiku lokhalo limene ndinasangalatsapo anthu, ndipo a Bwerezaninso anandichotsera nalo malikisi.

Chachitatu ndi mawu anu otsegulira. Mumayamba ndi kunena kuti mungolankhula pang'ono, kenako mumatiyendetsa m'nyumba zonse zimene zidzamangidwe, n'kumaliza ndi kuti luso ndi mtima wa sukulu ino. Ndimamva zonse chifukwa mutu wanga umakhala pafupi ndi nsapato zanu. Yakumanzere imalira, Bwana, muiperekeko ikaonedwe.

Chachinayi ndi chimene chimandikhudza kwambiri. Nthawi yopumira ikakwana mumaimirira kuti muli ndi msonkhano wina. Mukaimirira inu, akuluakulu onse amaimirira kukuperekezani. Ophunzira amatsatira akuluakuluwo poti kumene akupitako kuli zakumwa, ndipo otsala amayesa kuti sewero latha. Mpaka lero sukulu ino sidziwa kuti sewero lathu lili ndi gawo lachiwiri. Mlembi wanu anatilembera kuti munakhudzidwa kwambiri ndi nkhani yomvetsa chisoniyo. Bwana, ndi sewero lanthabwala, kungoti nthabwala zake zonse zili uko simunafikeko. Ovina amavina gule wawo wamkulu womaliza pamaso pa mipando, ine n'kudzukira bambo wosesa uja.

Zonsezi ndikanazipirira, poti munthu amene luso lake ndi kugona sayenera kuchulutsa zonena. Koma pali nkhani ya amayi anga.

Amayi ndi telala. Amasoka pakhonde la sitolo kutali ndi kuno, kokwera mabasi awiri, ndipo makina awowo ndi amene andiphunzitsa. Nsalu yoyera imene ndimafunda anapinda m'mphepete okha, nditawauza kuti ndi chovala cha munthu amene sewero lonse limakamba za iye. Sindinaname, koma sindinanenenso zonse. Nyengo ino abwera kale kawiri, atavala diresi lawo labwino, n'kukhala kumbuyo kwa mipando yosungira alendo anu amene sabwera. Amandiyang'ana ndili gone, amadikira inu, amamvera za nyumba zodzamangidwa zija. Koma basi yomaliza yopita kwathu imanyamuka dzuwa likamalowa, ndipo kunyumba kuli abambo, amene anafa ziwalo mbali imodzi, ofunika kuwatembenuza ndi kuwadyetsa. Choncho amayi amachoka ine ndisanadzuke. Ndimazindikira kuyenda kwawo pakati pa nsapato zonse, ndimamva chitseko chikutsekeka pang'onopang'ono kuti asasokoneze, ndipo sinditha ngakhale kutembenuza khosi. Pamenepo m'pamene ndimadana nayo ntchito yangayi.

Atafika kunyumba ulendo wachiwiriwo anandiimbira foni. “Mwana wanga,” anatero, “zaka zonsezi aphunzitsi akowo sakukudzutsako? Kuno ndimasiya abambo ako ali gone, ndikafika uko iwenso uli gone. Sungawapemphe kuti ukhaleko wodwala chabe, uzitembenukako?” Ndinaseka, ndinawauza kuti kumapeto ndimadzuka, ndipo ndimalankhula. Anati, “Eya, mwana wanga,” mmene amayankhira abambo akamanena kuti mawa ayenda. Nditadula foni sindinasekenso. Zinandipweteka, Bwana, ndipo zikundipwetekabe.

Loweruka likudzali ndi chionetsero chomaliza cha nyengo ino, ndiponso chomaliza changa pasukulu pano. Amayi akuti abweranso. Apempha mayi woyandikana nawo nyumba kuti akhale ndi abambo mpaka madzulo, ndipo atseka makina tsiku lonse, lomwe ndi tsiku limene anthu amabweretsa zosoketsa zambiri. Ndawerengera mmene ndingathere ndi mutu umene nyerere inaukana uja: sewero likayamba pa nthawi yolembedwa pachikwangwani, ndidzadzuka dzuwa likadalipo.

Choncho ndafika pa pempho langa, ndipo ndi laling'ono ngati gawo langa. Katani sindikuipempha, yazolowera kwanu. Kuti mufike pa nthawi yake sindingapemphe, sindinaleredwe mwamwano chotero. Ndinaganizako zokupatsani gawo langa kuti mukhale nafe kuyambira pachiyambi, poti kugona duu anthu akulira mokuzungulirani simungafunike kuyeserera, koma ndakumbukira kuti kumapeto kwake kuli kudzuka, ndipo sindikufuna kukuvutitsani.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Loweruka musabwere, Bwana. Mungotumiza jekete lanu lija limene limakhala pampando mu ofesi. Lakhala likuyendetsa sukulu ino inu kulibe, ndipo palibe anadandaulapo. Tidzalikoleka pampando wa Mlendo Wolemekezeka zitseko zisanatsegulidwe, ovina adzaliwerama, oimba ng'oma adzaliimbira zikadali zotentha. Silidzalankhula za nyumba, silidzaponda chala cha munthu, ndipo ndikukhulupirira kuti likhala mpaka kumapeto, likadzakufotokozereni mmene sewero limathera.

Ine sindikufuna kuomberedwa m'manja, ndikudziwa kuti ndilibe nazo mwayi. Ndikungofuna kuti amayi asanayang'ane dzuwa pawindo n'kunyamula chikwama chawo, aone mmodzi mwa anthu awo awiri akuvula nsalu, n'kuimirira ndi miyendo yake, n'kuwauza kuti wadzuka. Mawuwo ndiyenera kuuza mayi wa m'sewero, koma tsiku limenelo ndidzayang'ana kumbuyo kwa jekete lanu. A Bwerezaninso adzandichotsera malikisi, achotse.

Ndine wanu wogona pamapazi anu nthawi zonse,

Mtembo
Chaka chomaliza, Nthambi ya Zisudzo ndi Magule