Ana a ku Lusaka ndi Njerwa za Tsabola

Lolemba
Enelesi, msuweni wanga, wandilakwira. Ana a sukulu ochokera ku Lusaka afika kudzakhala nafe sabata yonse kuti aphunzire moyo wathu wa Akunda. Pogawa ntchito iye wadzitengera chitelele ndi zitenje zatsopano, ine wandiponyera "za kumunda". Ine wa Giredi 12! Chabwino. Dimba la amayi lili panjira ya njovu, chimanga chatsala pang'ono kukhwima. Ana amenewa andiumbira njerwa za ndowe ndi tsabola zofukizira njovu. Manja aulere!

Lachiwiri
Tikutola ndowe za njovu. Zimene abweretsa:
magolovesi
mankhwala opaka m'manja
mafoni
Zimene atola: theka la beseni. Kamtsikana kena, Natasha, kakundifunsa, "Anti, njovuyo ikudziwa kuti tikutenga?" Ndaseka ndisakufuna.

Lachitatu
Kusinja tsabola. Ndanena momveka, musadzigwire m'maso. Woyamba kudzigwira ndi aphunzitsi awo, a Mwale. Tonse tikuyetsemula, tikulira ngati tili pamaliro. Uko pabwalo ng'oma za Enelesi zikungolira, iye akupukusa chiuno. Chisathyoke.

Lachinayi
Tasakaniza, taumba, tayanika. Zina zopindika, ina yooneka ngati mtima, ina mwini wake akuti ndi galimoto. Aliyense walembapo dzina lake ndi kamtengo. Si aulesi ana awa, kungoti anabadwira pasimenti. Magolovesi avula okha. Akuimba!

Lachisanu
Sikauti wina woyang'anira nyama zakutchire wadutsa panjinga: "Njovu zaoloka mtsinje, zili pafupi. Fukizani msanga." Njerwa zauma gwa. Ndatenga imodzi kuti ndiwaonetse kayatsidwe kake. "Anti, imeneyo ndi yanga!" Ndatenga ina, mwini wake waikakamira ndi manja awiri. Ndabweza. Mtima wanga wafewa liti? Palibe kanthu, mawa akangonyamuka ndiyatsa zonse.

Loweruka
Ndikufika kudzatsanzikana nawo, ana ali kale m'basi. Aliyense njerwa pamiyendo, yokulungidwa m'pepala! Enelesi mano mbee: "Ndawauza atenge, akakumbukire kwathu kuno. Ukanati apite opanda kanthu?" Ndatsegula pakamwa kuti ndiwauze abweze. Natasha watsika, wandikumbatira, tsitsi lonse kununkha tsabola. Akuti njerwa yake akaiika pafupi ndi TV. Ndangoima, kukweza dzanja ngati chitsiru mpaka fumbi latha.
Zatsala: zidutswa, ndi galimoto ija yosweka matayala. Ndafukiza zomwezo. Utsi wake sungathamangitse ngakhale nkhuku.

Lamulungu
Njovu zadya bwino usiku. Zatisiyira mapesi ndi milu ya ndowe zatsopano. Amayi ayang'ana miluyo, akuti, "Bola zatisiyira zoumbira." Enelesi wabwera m'mamawa ndi khasu ndi mbewu m'chitenje. Pepani sananene, ndipo ine sindinamupatse moni. Ndamupatsa mzere wouma wa kumtunda, kuli minga. Akulima, akung'ung'udza nyimbo ya ana aja. Ndagwidwa ndikuyankha.
Nkhani imeneyi sindidzaitchulanso.