A Hezekiya, Ochotsa Kochi Ali pa Kaliyala

Ku Chiwanga kuno kunalibe munthu wodziwa kuchotsa mnzake ntchito ngati malemu a Hezekiya. Analibe sitolo, analibe boti, ngakhale wowasesera pakhomo analibe, koma Lamulungu lililonse ankachotsa ntchito kochi wa timu yathu ya Ncheni. Kochiyo anali mmodzi yemweyo, a Alawi, ndipo ankachotsedwa akupalasa njinga, wowachotsayo atakhala pa kaliyala, atawagwira m'chiuno kuti asagwe.

Zonsezi zinayamba ndi bondo. A Hezekiya anabwerera kuno kuchokera ku Malawi nkhondo ya m'dziko lathu lino itatha, ali ndi mkazi wawo a Rakele, wailesi yomvera mpira, ndi bondo lokana kupinda. Kubwalo n'kutali kwa munthu woyendera ndodo, ndiye a Alawi, omwe njira yawo imadutsa pakhomo pa mkuluyo, anawakweza tsiku lina mwachifundo. Chifundo cha tsiku limodzicho chinapitirira mpaka ana obadwa chaka chimenecho anakula n'kuyamba kuphonya zigoli m'timu yomweyo.

Ndinene zoona, Ncheni ndi timu yotopetsa. Ine ndinayamba kuikonda ndili ndi tsitsi, ndipo dazi mukundionali ndi ntchito yake. Anyamata athu ndi asodzi. Mwezi ukakhala mumdima amachezera panyanja ndi nyali kufunafuna usipa, ndiye Lamulungu amalowa m'bwalo maso ali psuu, miyendo ikuyendabe ngati ali m'bwato. Goloboyi wathu, Nelio, anagonapo choimirira atatsamira mtengo wa golo, ndipo chinamudzutsa ndi chisangalalo cha adani. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, anyamata amagona mokwanira, ndipo masiku amenewo timagonja ndi zigoli zochepa.

Masewero akatha, ife ochemerera tinkayenda pambali pa njinga kuti timve mwambo wochotsa kochi. Unkayamba akangodutsa pa mathandala oyanika usipa.

"Bambo Alawi, ndi chisoni chachikulu ndikudziwitseni kuti ntchito yatha."

"Ndamva, madala. Kwezani mwendo, pali chitsa apa."

"Kwatulu a zeru, zinayi kwa duu. Pa kampu pathu, pabwalo pathu penipeni. Anthu a ku Lunho abwera wapansi, ena opanda nsapato, n'kutimwetsa zinayi."

"Ana sanagone, madala. Mwezi uli mumdima."

"Ndiye ndichotse mwezi? Mwezi sindingaufikire. Amene ndagwira m'chiuno ndinu."

A Alawi ankapalasabe, n'kukawatsitsa a Hezekiya bwinobwino pa mpanda wa nyumba yawo, n'kuwapatsira ndodo yawo. Sabata yonse ankayenda ngati munthu wopanda ntchito, ukawafunsa za timu ankati kafunseni amene andichotsa. Komabe anyamata ankawaphunzitsa madzulo, ati pongothandiza.

Lamulungu lotsatira, mapemphero akatha ku tchalitchi cha Anglican, a Alawi ankaima pa mpanda uja n'kuliza belu la njinga. A Hezekiya sankafulumira. Ankatuluka akumanga mabatani a jekete, n'kumuyang'ana kochiyo kuyambira pa chisoti mpaka pa matayala.

"Ndaganizira ana anu," ankatero. "Ndikukupatsani mwayi womaliza."

Pokhapo m'pamene a Alawi ankapendeketsa njinga kuti mkuluyo akwere. Mwayi womaliza umenewu unaperekedwa kambirimbiri moti ngakhale mbuzi za a Rakele zinkaudziwa.

Lolemba m'mawa mkangano unkasamukira pa benchi ya a Zaituni, mayi wogulitsa tiyi ndi mandasi pafupi ndi gombe. Pamenepo aliyense anali kochi. Basilio, wokonza injini za maboti, ankajambula pamchenga kaimidwe ka osewera komwe anaona pa kanema ku Metangula, anayi kumbuyo, atatu pakati, mivi uku ndi uku. A Hezekiya ankamusiya amalize, kenako n'kufufuta zonse ndi ndodo.

"Mpira uli ndi njira imodzi, mwana iwe. Kutsogolo. Athuwa amaupititsa kumbuyo ngati akukoka khoka."

"Ndiye vuto ndi kochi kapena ana?" ankafunsa a Zaituni, pofuna kuti anthu aitanitsenso tiyi.

"Kochi ndachotsa kale dzulo, mayi. Lero ndikupuma."

Chaka china tinapambanako kamodzi, ndi chigoli chimene adani anadzimwetsa okha. Tinati lero a Alawi afika kunyumba ali pantchito. Atafika pa mathandala paja tinangomva, "Bambo Alawi, ndi chisoni chachikulu." Mlandu wake unali wopambana popanda kuchenjeza anthu. Ati mtima wa munthu wamkulu umazolowera chinthu chimodzi, ndipo kuudzidzimutsa chonchi n'kufuna kupha.

Koma tsiku lina nthabwala inatha. Tinali titatha nyengo yathunthu osapambana, ndipo Beni, mnyamata wa sitolo ku Metangula, analonjeza majezi atsopano ndi nsapato, bola tichotse a Alawi n'kutenga kochi wa ku Lichinga wophunzira za mpira. Komiti inaitanitsa msonkhano pabwalo. A Alawi anakhala pambali chisoti chili m'manja, ndipo aka kanali koyamba kuwaona ali ndi mantha enieni. Timuyi sinkawalipira kanthu, koma kuchokera pamene mkazi wawo anamwalira, inali chifukwa chawo chodzukira m'mawa.

Wapampando anati ayambe kulankhula a Hezekiya, poti nkhani yochotsa kochi katswiri wake ndi iwo. Mkuluyo anaima movutikira.

"Munthu uyu ndimachotsa ndine. Inu mwayamba liti?"

"Madala, ifetu tikungotsatira zomwe mumanena domingu iliyonse," anatero Basilio, kutanthauza Lamulungu lililonse.

"Ine ndimachotsa n'kubwezera. Inu mukufuna kuchotseratu. Wa ku Lichingayo adzapita kugombe kukadzutsa ana m'mabwato? Adzasoka mpira ndi ulusi wa ukonde? Ndipo ali ndi kaliyala?"

"Ali ndi njinga yamoto," anayankha Beni.

"Bondo langa silikwera zimenezo. Nkhani yatha."

Anthu anaseka, ndipo nkhani ikasekedwa kwathu kuno ndiye kuti yafa. Majezi aja tinawaphonya. Mpaka lero timasewera ndi akale omwe manambala ake anafufutika, ndipo ndikawakumbukira atsopanowo mtima umandiwawa. Pobwerera kunyumba tsiku limenelo a Hezekiya anawachotsanso ntchito a Alawi, chifukwa chongokhala phee anthu ena akufuna kuwachotsa.

Chaka chathachi, nthawi ya mwera, tinagonja ndi zigoli zisanu kwa chimodzi. Mwambo unachitika monga mwa masiku onse, koma mawu anatuluka pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti mkuluyo watsamiritsa mutu pamsana pa a Alawi. Pa mpanda anachita kuwanyamula. Lachinayi lake a Hezekiya anamwalira.

Pa maliro a Alawi, Msilamu, ndiwo anayamba kukumba manda kusanafike wina aliyense. Bokosi linanyamulidwa ndi anyamata a Ncheni, ndipo kunena mosabisa, sindinawaonepo onse akulowera mbali imodzi ngati tsiku limenelo.

Sabata yotsatira kochi sanabwere kudzaphunzitsa. Inanso sanabwere. Komiti inapita kwawo, ine ndili nawo, kukawapempha.

"Anandichotsa domingu, n'kumwalira asanandibwezere," anatero a Alawi. "Ine ndilibe ntchito."

"Ndiye tikukubwezerani ifeyo," anatero wapampando.

"Inu simunandichotse. Mungandibwezere bwanji?"

Tinayesa zonse. Basilio anati awachotse iyeyo n'kuwabwezera pomwepo, a Alawi anangomuyang'ana mpaka mnyamatayo anayamba kukanda m'mutu. Pano timu imasankhidwa ndi Nelio, akakhala maso. Tikugonjabe ngati kale, koma pobwerera timadutsa pa mathandala paja chete, aliyense ndi mkwiyo wake, popanda woti n'kuuika pamutu pake. Benchi ya a Zaituni Lolemba imatha msanga. Kugonja ndinakuzolowera kalekale, koma kugonja kopanda phokosoku kukunditopetsa, ndipo mkulu uja ndamusowa.

Lamulungu lina ndinawapeza a Alawi ataima pa mpanda uja ndi njinga yawo, akulankhula ndi a Rakele.

"Amayi, masiku omalizawo sananeneko kanthu za timu?"

Ndinaima kumbuyo kwa kochiyo n'kumawatsinzinira a Rakele, kuwapempha ndi maso kuti aname kamodzi kokha. Mawu awiri okha, mwayi womaliza, timu ikanapeza kochi wake ndipo munthuyu akanapeza chodzukira. Anandiona ndithu. Koma a Rakele ndi mayi wa chigwirizano cha kutchalitchi, sananamepo ngakhale pa mtengo wa usipa.

"Anangopempha madzi, bambo Alawi," anatero motsitsa mawu. "Ndi kuti titseke windo."

A Alawi anagwedeza mutu n'kuthokoza.

Amabwerabe Lamulungu lililonse mapemphero akatha. Amaima pa mpanda, n'kuliza belu kamodzi, n'kudikira nthawi yokwana kuti munthu wa bondo louma amange mabatani a jekete. Kenako amatembenuza njinga n'kubwerera kwawo akuikankha, osakwera.