Mwala Wachitatu pa Bisha

Lolemba

Uthenga wafika ndi munthu wogulitsa fodya wochokera ku Chidzolomondo. Alamu anga a Fabiyawo akubwera Lamulungu "kudzaona za mwana." Mawu ndi omwewo basi, koma tanthauzo lake ndikulidziwa. Mwana wanga Luiza ndi wa kwa amayi ake. Malume akaona kuti mwana akuvutika amunyamula, ndipo palibe angandimvere.

Chimwalirireni mkazi wanga Nachisale sindinayang'ane bwino m'kachipinda kosungira zinthu. Tinkangotapa. Lero ndalowamo ndi maso onse.

Zomwe zilimo:
- thumba la shuga, lopanda shuga. Nyerere nazo zinasamuka.
- chitini cha mchere, mchere wake wokwana dzira limodzi
- kachidutswa ka sabawu, sopo wochapira, kopyapyala moti dzuwa likudutsa
- mbatatesi zambiri, koma kuno ku Tsangano mbatatesi sizidabwitsa mlendo
- nyale yopanda mafuta

Pansi pa chitini pali kartawu yathu, khadi logulira zinthu kusitolo ya koperativa. Ili ndi timabokosi ta mwezi uliwonse: shuga, mchere, sabawu, mafuta ophikira. Ukagula, kamarada wogulitsa m'sitolomo amadula kabokosiko ndi lumo. Chichokereni maliro palibe kodulidwa. Ndiye kuti zonsezo akutisungira.

Ndaganiza chonchi. Mawa ndikatenga za miyezi yonse nthawi imodzi, ndidzaze kachipinda, alamu adzaone okha kuti bambo akhoza kulera mwana.

Zikuoneka zosavuta. Sindikumvetsa chifukwa chake Nachisale ankabwerako atatopa chonchija.

Lachiwiri

Ndafika pa koperativa m'mamawa, ndisanapite kukaphunzitsa. Chitseko chotseka. Palibe munthu. Pali miyala yokha, yandandalika kuchokera pakhomo mpaka pa mtengo wa pichesi.

Mayi Tereza, oyandikana nafe, andipeza nditangoima. Akuti imeneyi ndiyo bisha, mzere wogulira zinthu. Umasiya mwala wako, n'kupita kumunda kapena ku ntchito. Chitseko chikatseguka masana, aliyense amaima pa mwala wake.

Ndafunsa kuti lero kugulitsidwa chiyani.

"Mukadziwira pakhomo pomwepo, aphunzitsi."

Ndatola mwala, ndauika kumapeto. Ndapita kukaphunzitsa ana a segunda klase, kalasi lachiwiri, samu zochotsera.

Masana mwala wanga sindikuuzindikira. Miyala ya kuno inabadwa kwa mayi mmodzi. Womwe ndikuganiza kuti ndi wanga, agogo ena aukhalira ndipo akusinza. Ndabwerera kumapeto kwatsopano, komwe kuli kutali kuposa kwa m'mawa.

Ndafika pakhomo dzuwa litapendeka. Kamarada wayang'ana kartawu yanga ngati chilonda chakale.

"Izi zinapita ndi miyezi yake."

Zinapita kuti? Sakudziwa.

Shuga wa mwezi uno? "Akabo." Ndiye kuti watha. Mchere? "Akabo." Sabawu? Wangotambasula manja. Chomwe sichinathe ndi magalasi a nyale.

Mayi wina kumbuyo kwanga wanong'ona: "Osachoka pa bisha chimanjamanja, bambo. Gulani chomwe chilipo, mukasinthanitsa." Ndagula asanu ndi limodzi. Kamarada wadula kabokosi ka mafuta ophikira. Ndafunsa chifukwa. Akuti magalasi alibe kabokosi kawokawo.

China chomwe ndaona. Pafupi ndi khomo, pamalo achitatu, pali mwala wakuda wosalala, wobenthuka pambali. Palibe amene waimapo. Amayi amausiyira mpata ngati pali munthu, n'kumaulambalala.

Lachitatu

Lero ndachenjera. Ndalemba dzina langa pa mwala ndi choko, zilembo zazikulu.

Kwagwa mvula ya mawawa m'mawa wonse.

Masana miyala yonse yayera bwino. Kumapeto kachiwiri.

Tili pamzere, mfuti zalira kumapiri. Osati pafupi kwambiri, komanso osati kutali koti munthu n'kupitiriza nkhani. Tonse tabalalika, ena m'chimanga chouma, ine kuseri kwa khoma la sitolo pamodzi ndi mbuzi. Kutakhala chete tabwerera, aliyense pa mwala wake, popanda mkangano. M'dziko muno chomwe sichithawa ndi miyala yokha.

Mwala wakuda uja ulipo, pachitatu pomwepo. Wopanda mwini. Ine wamoyo ndili ku pichesi, mwala uli pakhomo.

Ndawafunsa mayi Tereza mwaulemu kuti kodi mwala umenewo ndi wa yani. Andiyang'ana nthawi yaitali. Apukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Aa, aphunzitsi, inunso."

Achokapo. Sindikudziwa chomwe ndalakwa.

Lero kuli grasha, polishi wa nsapato, wofiirira. Nsapato zanga ndi za tayala. Ndagula zitini zisanu chifukwa cha malangizo a dzulo aja.

Luiza wadya mbatatesi zowiritsa osadandaula. Wafunsa ngati kwa amalume kuli sukulu. Ndati adye msanga zisanazizire.

Lachinayi

Ndazungulira msika ndi magalasi m'thumba, kufuna mchere. Aliyense ali ndi magalasi. Malangizo aja, kani, amapatsidwa kwa tonse.

Bambo wina wachifundo wati andithandize. Watenga zitini ziwiri za grasha, wandipatsa magalasi anayi. Ndinachita manyazi kukana chifukwa mwana wake ali m'kalasi langa. Tsopano ndili ndi magalasi khumi, nyale imodzi, mafuta palibe.

Pa koperativa lero kuli timbale toikamo sabawu. Tobiriwira, tokongola ndithu. Sabawuyo akuti mwina abwera ndi koluna, magalimoto aja operekezedwa ndi asilikali, ngati msewu wa ku Ulongwe ulola.

Za mwala wakuda ndaziganizira mpaka ndapeza yankho. Uyenera kuti ndi wa mkazi wa munthu wamkulu, wosafuna kuzizidwa, yemwe amabwera tsiku la shuga lokha. Amayiwa akuopa kulankhula. N'chifukwa chake mayi Tereza analira.

Ine sindikonda mikangano. Koma Lamulungu layandikira.

Ndapita kutsogolo, anthu onse akuona. Ndawerama, ndautola mwala wakudawo, ndauika m'thumba la mabuku. Ndinakonzeka kukalipiridwa.

Koma ayi.

Agogo ena ayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Awiri atatu alandira. Mayi Tereza andigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Mulungu akulimbitseni mtima, aphunzitsi."

Sindinadziwe kuti anthu anavutika nawo chonchi. Ndabwerera ku malo anga ndikumva ngati ndachita kanthu, koyamba chichokereni maliro. Timbale ndagula tinayi.

Kunyumba mwalawo ndauika pachitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Luiza wauona. Kenako waunyamula, wautsuka ndi kachidutswa ka sabawu kaja mpaka katha, waukulunga mu duku la amayi ake. Wauika pamphasa.

Ana ali ndi masewera awo. Koma sabawu anali yemweyo.

Lachisanu

Koluna yafika!

Ana a m'kalasi anamva magalimoto ine ndisanamve, ndipo pomwe ndimatembenuka kuchoka pa bolodi n'kuti mwatsala atatu. Ndawauza atatuwo kuti nawonso apite.

Shuga weniweni. Mchere. Sabawu wa mipiringidzo, fungo lake likufika mpaka ku pichesi. Ndikudziwa chifukwa ndi komwe ndaima. Mwala wanga lero ndauzindikira, ndinaumanga luzi, koma mbiri ya koluna inadzutsa mudzi wonse ine ndisanadzuke.

Mzere ukuyenda pang'onopang'ono. Anthu akutuluka atafungatira timapukusi ngati makanda. Pamalo achitatu paima mayi wina yemwe dzulo anali wachinayi. Podutsa wandigwadira pang'ono. Sindikudziwa chifukwa chake.

Shuga watha ndili pakati. Sabawu watha ndikuona chitseko. Mchere womaliza watengedwa ndi munthu amene ndimaona nsabwe za m'khosi mwake.

"Akabo."

Ndafunsa ngati kwatsala chilichonse. Kamarada wandisonyeza magalasi.

Madzulo ndakonza kachipinda, poti manja amafuna chochita. Magalasi ndawakulunga m'udzu wouma n'kuwaika m'thumba la shuga kuti asasweke. Thumba laima chilili, lonenepa. Grasha ndamuika m'chitini cha mchere. Timbale m'katoni ya sabawu.

Kachipinda kadzaza. Kupatula mbatatesi, mulibe choika m'kamwa.

Loweruka

Mayi Tereza abwera ndi shuga wa m'kapu ndi mchere wa m'tsamba la nthochi. Ndakana kawiri monga mwa ulemu. Kachitatu sindinayerekeze.

Akhala pakhonde. Ati: "Tikanadziwa kuti koluna ibwera, tikanakupemphani muusiye tsiku limodzi lokha. Koma za mtima sitilowerera."

Ndafunsa kuti ndisiye chiyani.

"Mwala wa amake Luiza."

Andifotokozera pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi ana osamva samu. Anali amayi asanu ogwirizana. Wolawira kwambiri amaika miyala ya onse. Malo achitatu Nachisale anawapeza kalekale, anawasunga m'chisanu ndi m'mvula, ndipo palibe ankawatsutsa. Atamwalira, anzake sanaleke kuuika. Ankadikira kuti tsiku lina ndidzabwera ndi kartawu n'kuimapo.

"Titakuonani mukuima kumapeto, tinati bamboyu mtima sunalole kuima pa malo a mkazi wake. Tinati chikondi. Amayi ena mpaka anakadzudzula amuna awo kunyumba."

Nanga Lachitatu, nditafunsa?

"Tinati ndi chisoni chikuyankhula."

Nanga Lachinayi?

"Tinati basi, atseka malo."

Ndalowa m'nyumba. Luiza ali pamphasa ndi duku lija. Ndamufunsa ngati amaudziwa mwalawo.

"Ndi wa amayi. Apa panabenthuka pomwe unawagwa m'manja chifukwa cha chisanu." Wandiyang'ana. "Kodi simumadziwa, ababa?"

Tiyi wa m'mawa ndinkamupeza ali ndi shuga. Ndinkati zikomo. Ndinkaganiza kuti n'zokwanira.

Ndakhala pakhomo mpaka nkhuku za eni ake zalowa.

Lamulungu

A Fabiyawo afika titangoweruka kutchalitchi. Aonda. Sali okha, ali ndi ana awo atatu ndi mitolo iwiri. Mapazi a anawo ndi ong'ambika. Akuti ku Chidzolomondo anthu sagonanso m'nyumba chifukwa cha nkhondo. Akazi awo anatsogola kale ndi apongozi kutsidya, ku Malawi, kukafuna pokhala.

Ndaphika tiyi wa masamba a mandimu ndi shuga wa mayi Tereza. Ndathira yense.

Atamwa ayankhula mosazungulira.

"Alamu, ndabwera kudzatenga mwana. Mwamuna yekha sangathe. Koma ndisalankhule ndisanaone."

Ndawatsegulira kachipinda. Aima pakhomo, manja kumbuyo, pakuti mlamu sapisa dzanja m'thumba la mwini. Ayang'ana thumba lonenepa, chitini, katoni.

"Ndinakulakwirani mumtima, alamu. Mlongo wanga sanakwatiwe ndi munthu wamba. Luiza akhale."

Ndati zikomo.

"Ndipo poti zili chonchi, awanso atsale. Kutsidyako sitikudziwa kuti tikagona pati. Ndikapeza malo ndidzawatenga."

Dzanja langa linali pa chingwe cha thumba. Kukoka kamodzi kokha, zonse zikanaoneka. Ana atatu akanapita, ndi Luiza yemwe.

Pomwepo wamng'ono kwambiri, atatopa, watsamira thumba lija. Lalira. Pang'ono chabe, ngele, koma shuga salira.

A Fabiyawo amva. Andiyang'ana. Ayang'ana mapazi a ana awo. Ine ndayang'ana Luiza.

"Lisungeni pouma," atero.

"Ndilisunga," ndatero.

Asiya nyemba za m'kansalu. Anyamuka dzuwa likadalipo kuti awoloke kusanade. Sanacheuke, ndipo ndawamvetsa.

Mmene zilili tsopano:
- anthu m'nyumba, asanu
- anthu pa kartawu, awiri, mmodzi mwa iwo malemu, poti Luiza sanalembedwepo
- magalasi asanu ndi anayi
- mbatatesi zilipo

Chakumadzulo tapita ku koperativa ine ndi Luiza, iye atanyamula mwala uja m'duku. Miyala ya mawa yayamba kale kundandalika. Malo ndinatseka ndekha pamaso pa anthu, choncho ndamuuza auike kumapeto, ku pichesi. Wauika.

Mayi Tereza anali pomwepo ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Sanatipatse moni. Awerama mtolo uli pamutu, autola, apita nawo kutsogolo. Asuntha wachitatu ndi phazi, aika wakudawo. Apitiriza ulendo wawo.

Mawa ndikaima pamenepo. Luiza akuti amayi ake ankaima cha kumanzere kwake, kothawa mphepo.

Ena akuti kubwera mchere. Ena akuti timbale.